Chibowo Kuseri kwa Lichero

Chaka chimene chifuwa chinandigwira kwenikweni, mwana wanga wamwamuna, amene amakhala ku Lilongwe, anabwera ndi galimoto n'kunditengera kuchipatala ku boma. Anandijambula pachifuwa. Adokotala anachiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali, kenako n'kundifunsa ngati ndimasuta fodya. Ndinati ayi, ndimawamba nsomba. Iwo anayang'ana mwana wanga, mwana wanga n'kuyang'ana iwo, ndipo ine ndinadziwa kuti awiriwa anali atakambirana kale ndisanalowe.

Tili m'njira yobwerera, iye anati, "Amayi, chisakasa chija mutseke. Tiyeni muzikakhala kwathu, chipinda chilipo."

Chipindacho ndimachidziwa. Amasungiramo matumba a chimanga ndi firiji yakufa, ndipo windo lake linayang'ana mpanda wa njerwa. Ukakhala mmenemo suona njira, suona amene walowa pageti, umangomva mawu.

Chisakasa chimene ankanenacho anachimanga ndi malemu amuna anga. Ndi chanjerwa, chamalata, khomo lake linaloza kunyanja, ndipo mkati mwake muli uvuni umene ndimawambira kampango, mlamba ndi mcheni. Kuseri kwake kuli mathandala anga oyanikapo usipa. Ana anga onse anaphunzira sukulu ndi utsi wa mmenemo, kuphatikizapo amene ankafuna kuti nditsekeyo. Ndinamuuza zimenezi. Iye anati n'chifukwa chake akufuna ndipume.

Amene analowererapo ndi mwana wake woyamba, mdzukulu wanga wamkazi, amene ankamaliza maphunziro a uinjiniya ku Blantyre. Anali atafika poti achite ntchito yake yomalizira sukulu, ndiye anauza bambo akewo kuti ali ndi pulogalamu ya pakompyuta yoona mmene mphepo, madzi ndi utsi zimayendera, ndipo akhoza kufufuza ngati utsi wa m'chisakasa ungapatutsidwe. Bambo ake anavomera, koma anaika malire. Makina akanena kuti chisakasa chingakonzeke, ndikhala. Akanena kuti ayi, pakutha pa mwezi akubwera kudzanditenga ndi katundu yemwe.

Ndinavomera chifukwa panalibe kwina kolowera. Koma mumtima ndinaona kuti woweruza mlandu wanga ndi mwana wa wodandaula.

Mtsikanayo asanafike, ndinachita chinthu chimodzi. Pakona pamene ndimakhala ndikamawamba, pakhoma loyang'ana kumathandala, pali chibowo chachikulu ngati chibakera. Ndinachiboola ndekha chaka chimene amuna anga anamwalira, pamene achibale awo ankabwera kudzandipepesa masana, maukonde n'kumasowa limodzi ndi chipepesocho. Kunja kwake ndinaunjikako nkhuni mosiya kampata, moti wodutsa sangachizindikire. Ndikaika diso pamenepo ndimaona mathandala onse, kanjira kopita kumjigo, ndi khomo la aneba anga, mayi wina wokonda kuseka ndi aliyense. Palibe amene ankadziwa. Ndiye ndinatenga chisanza n'kutseka chibowocho, pamwamba pake n'kupachika lichero lakale. Sindinaganize kuti zikukhudzana ndi makina. Ndinangodziwa kuti mwana akaona auza mayi ake, mayi ake auza dziko lonse, ndipo chibowo chodziwika sichigwiranso ntchito.

Anafika nthawi ya mwera, pa kabaza kuchokera ku Senga Bay, chikwama atachikumbatira pachifuwa ngati khanda.

"Wabwera kudzandilanda nyumba, mkazi mnzanga?" ndinamufunsa.

"Nyumba yonunkha nsombayi, agogo? Ngakhale mutandipatsa ulere."

Mawa lake anayamba kuyeza. Anayeza makoma, khomo, uvuni, mipata ya pansi pa malata, mpaka kutalika kwa waya woyalapo nsomba. Ine ndinkamutsatira pambuyo, maso ali palichero. Analidutsa osalikhudza. Kenako tepi yake inalowa mchenga n'kukana kutuluka. Anaigogoda, anaipemerera, koma ayi. Ndiye anapita kumathandala, anasolola bango limodzi, n'kubwera kudzaliimika pambali panga. Anayang'ana pamene panafika mutu wanga n'kukanda ndi chikhadabo.

Aneba aja ankadutsa ndi beseni pamutu. Anaima.

"Taya bangolo," ndinatero.

"Ndingofuna ndidziwe pamene pamakhala mphuno yanu, agogo. Mukhalenso pansi, ndiyeze muli chikhalire."

"Ndati taya."

Aneba anatula beseni, nkhope ili ngati yachisoni koma maso akusangalala. "Mwanawe, kwanuko sanakuuze? Bango timayezera maliro. Amalitenga okumba manda kuti adziwe kutalika kwa dzenje."

Mtsikanayo anasintha nkhope. Anayamba kupepesa, mawu akumuthawira m'Chingerezi. Ndinamulanda bangolo, ndinalithyolathyola n'kuliponya mu uvuni ndi manja angawa. Mwina analakwitsadi chifukwa chokulira m'tauni. Mwinanso ayi. Sabata yonse imeneyo anthu kumjigo ankandipatsa moni wofewa kwambiri, ena mpaka kundipopera madzi.

Atamaliza kuyeza, anakhala pakhonde n'kutsegula kompyuta yake. Anajambulamo chisakasa changa, chopanda mwaye, chopanda nsomba, chowongoka kuposa mmene anachimangira mwini wake. Kenako mkati mwake monse munadzaza timizere topingasana.

"Ukonde umenewu ndi wachiyani?"

"Ndadula mpweya wa m'chisakasa kukhala timabokosi ting'onoting'ono."

"Mpweya umadulika?"

"M'kompyuta umadulika. Kabokosi kalikonse kamafunsa kanzake kuti, kwa iwe kwalowa mphepo yochuluka bwanji, yotentha bwanji, ikupita kuti. Kakamva, kamauza kotsatira. Timauzana choncho mobwerezabwereza mpaka tonse titagwirizana."

"Ndiye ndi miseche."

Anaseka mpaka kugwira pamimba, nati sindinaphonye kwambiri. Ine sindinaseke. Miseche ndimaidziwa, ndipo sindinaonepo nkhani imene inayenda pakamwa pambiri n'kukafika yowongoka.

Ndinamufunsa kuti pulogalamuyo anaitenga kuti. Anati ya kusukulu imagwira ntchito kusukulu kokha, iyi ndi yaulere, anaipanga anthu a m'mayiko osiyanasiyana amene sanaonanepo n'komwe. Ndinafunsa kuti anthuwo amadya chiyani. Anati ali ndi ntchito zina. Ndinafunsa kuti ngati saonana, wolakwitsa amamugwira bwanji. Anati aliyense amatha kuona zimene mnzake walemba. Zimenezo ndinazikonda pang'ono, koma chinthu chaulere ine chimandisowetsa tulo.

Anandifunsa mafunso ambiri. Mphepo imachokera kuti, ndimasonkha nkhuni zotani, chitseko ndimatseka kapena ayi. Anati makinawa paokha sadziwa kanthu, amadziwa zokhazo zimene wawauza. Mawu amenewa ndinawasunga. Ndinamuuza za mwera, za mpoto, za vuma wa m'mawa. Iye anati tiyambe ndi mwera, chifukwa pulogalamuyo imafuna mphepo imodzi pa nthawi. Ndinati kunja kuno mphepo sizidikirana, iye n'kuti akudziwa.

Kenako anadina, makina n'kuyamba kulira ngati udzudzu. Ankatentha moti mphaka ankakagona pambali pake. Pagalasi panalibe utsi, panalibe moto, koma kamzere kokha kotsika pang'onopang'ono ndi manambala othamanga. Mtsikanayo ankangokhala n'kumakayang'ana. Tsiku lina kamzereko kanalumphira m'mwamba, iye anagwira mutu nati, "Zaphulika." Ndinadzuka msangamsanga n'kuchotsa mphaka. Palibe chinaphulika, chinthucho chinali chikhalire pampando. Anati ndi manambala aphulika. Ndinamuyang'anitsitsa kuti ndione ngati akundiseka, koma anali pafupi kulira. Masiku ena batire inkatha ntchito ili pakati, ndiye ankanyamula chikwama kupita kukatchajitsa kumalo ometera tsitsi kumsika, n'kubwerako dzuwa litapendeka.

Patapita masiku anandiitana. Chisakasa cha m'kompyuta chinali chitadzaza mitundu. Pamwamba pa uvuni panali pofiira, kufiirako kumakwera kudenga n'kutulukira m'mipata ya malata. M'munsi munali mwa buluu. Anati pofiira ndi pa utsi wambiri, pa buluu ndi pabwino. Pakona panali kachipilala kopanda mutu ndi manja.

"Aka n'kachiyani?"

"Ndinuyo, agogo."

"Manja anga ali kuti?"

"Safunika."

Zimenezo ndinazimeza, chifukwa ndinali nditaona chinthu chachikulu. Kachipilalako kanali pa buluu. M'chisakasa monse, pakona panga ndi pamene panali pabwino kwambiri. Mtima unakhala pansi. Ndinati mwina makinawa ndinawaweruza msanga.

"Tumiza kwa bambo ako lero lomwe."

Anakana. Anati chithunzi ndi chithunzi, ayenera kuona kaye ngati chikugwirizana ndi chisakasa chenicheni. Anatulutsa kachipangizo kakang'ono ngati sopo, kamene anabwereka kusukulu, nati kamanunkhiza utsi n'kusunga. Anakapachika pamsomali pafupi ndi pamene ndimakhala. Tsiku loyamba anakhala nane mkati ndikuwamba, akutsokomola pakhomo. Titamaliza anakalumikiza kukompyuta, nkhope yake n'kuwala. Zinagwirizana.

Tsiku lachiwiri anapita kukatchajitsa, kachipangizo anakasiya pamsomali. Atangokhota pakanjira, ine ndinachita zimene ndimachita masiku onse ndikakhala ndekha. Ndinatsitsa lichero, ndinasolola chisanza, n'kuyamba ntchito diso lili kumathandala. Nditamuona akubwera patali, ndinabwezera zonse m'malo mwake.

Atawerenga kachipangizo kaja, anandicheukira.

"Agogo, mwaotcha chiyani lero?"

"Nkhuni zomwe zija."

"Simunaikemo mapulasitiki?"

"Ndiphe anthu?"

"Chitseko munatseka?"

"Chinali pululu."

Anati kachipangizo kakusonyeza kuti pakona panga panali utsi wochuluka ngati ndinalowetsa mutu mu uvuni. Kompyuta ikuti buluu, kasopoko kakuti kufiira. Tinayesanso iye alipo, zinagwirizana. Tinayesanso iye kulibe, zinasemphana. Anasintha mabatire a kachipangizo. Anaimbira foni aphunzitsi ake, akuyenda uku ndi uku pabwalo, akungovomera m'Chingerezi kuti "yesa, yesa." Anachepetsa maso a ukonde uja kuti timabokosi tichuluke, makina n'kumalira tsiku lathunthu, yankho n'kutuluka lomwe lija. Anasintha mphepo, anaika mpoto, anaika vuma. Pakona panakhalabe pa buluu.

Ine mutu unangoti balala. Zinthu ziwirizi zinabwera m'chikwama chimodzi, nanga zimakangana bwanji? Ndinayamba kukaganizira kachipangizoko. Kanali ndi kanyali kobiriwira kamene kankaphethira ngati kakundiyang'ana. Mwini wake akakhalapo kankanena zabwino, akachoka n'kumandinenera zoipa. Anthu otere ndawaonapo ambiri. Ndinaganiza kuti mwina anakagula ndi bambo ake n'kukauziratu zonena. Ndinaganizanso za aneba aja, chifukwa kuyambira tsiku la bango ankadutsa pafupipafupi. Tsiku lina ndinakavindikira ndi kapu. Madzulo mtsikanayo anapeza kuti tsiku limenelo m'chisakasa munalibe utsi ngakhale pang'ono, ngati sindinakoleze moto. Anandiyang'ana, anayang'ana kapu imene ndinaiwala pansi pa msomali.

"Agogo."

"Kamandiyang'anitsitsa."

"Kalibe maso."

"Nanga chikuphethiracho n'chiyani?"

Anangotola kapu n'kukaitsuka.

Kunena zoona, za chibowo sizinandibwerere m'mutu ngakhale kamodzi. Khomo lalikulu linali lotsegula, malata anali ndi mipata ponseponse. Kabowo kongokwana chibakera kangasinthe chiyani? Ndiponso chibowo chimalowetsa mphepo yabwino, aliyense amadziwa zimenezo. Mafunso onse amene anandifunsa ndinayankha zoona. Za chibowo sanafunse.

Mwezi unkapita kumapeto. Bambo ake anaimba foni, iye anaika poti tonse timve.

"Makina ako akuti bwanji?"

"Sizikugwirizana, adadi. Kompyuta ikunena zina, muyeso ukunena zina."

"Ndiye kuti sungandiuze kuti chikonzeka."

"Panopa sindingakuuzeni."

"Basi. Amayi, yambani kulongedza. Nsomba zimene muli nazo mugulitse, musagulenso zina."

Nditafuna kuyankha, chifuwa chinandigwira, ndipo ndinatsokomola nthawi yaitali iye akumva. Nditapeza mpweya foni inali itadulidwa.

Ndinamugwira dzanja mdzukulu wanga. Si khalidwe langa kupempha, koma ndinapempha. Ndinati angotumiza chithunzi cha buluu chija, bambo ake sadziwa kusiyanitsa.

"Ndikatero, agogo, inu mudzafera pakona pomwepo chithunzi chili cha buluu."

"Ku Lilongwe anthu safa?"

"Amafa. Koma si ine ndidzakhale nditakunamizirani."

Ndinamusiya dzanja. Masiku awiri sitinalankhulane bwino. Ndinkamuikira chakudya n'kuchokapo. Ndinatsitsa sutukesi pamwamba pa kabati, ndinaipukuta fumbi, n'kuisiya chitsegukire pakati pa nyumba kuti aziilambalala.

Iye anasamutsira mpando wake pansi pa mtengo wa mango n'kuyamba chinthu china. Ndinkamuzonda chapatali. Ankatsegula chisakasa cha m'kompyuta, kuboola khoma, kudikira makina alire, kugwedeza mutu, kutseka, n'kuboolanso pena. Nditalephera kupirira ndinapita kukaima kumbuyo kwake.

"Wayamba kugumula?"

"Utsi sungapite pakona popanda choukoka. Ndikuyesa kuona kuti chingaukoke n'chiyani."

Ndinamva kutentha m'makutu, koma ndinangoti, "Yesa padenga." Anayesa padenga. Sizinathandize.

Linali tsiku lachitatu la kuboolako, masana, ine ndikutembenuza usipa pamathandala, pamene ndinazindikira kuti udzudzu wa makina uja wasiya kulira ndipo mtsikanayo sakusuntha. Kenako anandikodola. Pagalasi panali timizere ngati ulusi, tochokera pa uvuni. M'malo mokwera kudenga, tambiri tinkapindika, kutsetserekera pakona, kudutsa pamwamba penipeni pa kachipilala kaja, n'kutulukira pakhoma. Kachipilalako kanali kofiira ngati kasendedwa khungu. Chibowo chimene anaboola m'kompyutamo chinali pakhoma la kumathandala, kutalika kwa munthu wokhala pansi.

Anaika kompyuta pampando, anadzuka n'kulunjika kuchisakasa. Ndinamutsatira. Anaima pakona n'kuyang'ana khoma, kenako anatambasula dzanja n'kutsitsa lichero. Kuzungulira chisanza chija kunali mwaye wakuda bii, wonyezimira ngati phula. Ine ndemwe ndinali ndisanauonepo bwino. Munthu ukamayang'ana pachibowo suona m'mbali mwake.

"Wakuuza ndani?" ndinafunsa.

"Palibe."

"Ndi mayi wa beseni uja."

"Ndi kompyuta, agogo."

"Unati imadziwa zokhazo zimene waiuza."

"Eya."

"Ndiye unaiuza."

"Sindinaiuze. Ndinaifunsa kuti, pakanakhala chibowo apa, utsi ukanayenda bwanji? Yankho lake linafanana ndi la kachipangizo."

"Nanga unadziwa bwanji kuti ufunse za pamenepa?"

"Sindinadziwe. Ndinafunsa paliponse."

Mpaka lero nkhani imeneyi sinandilowe. Chinthu chosadziwa kanthu, chofunsidwa ndi munthu wosadziwa kanthu, chinapeza chimene mudzi wonse unalephera kupeza zaka zonsezi. Ndamufunsa kangapo, amandiyankha mofanana, ndipo nthawi iliyonse ndimaona ngati ndatsala pang'ono kumva, kenako zimandipulumuka.

Anandifotokozera kuti mwera ukamenya chisakasa kutsogolo, umazungulira m'mbali, ndipo kuseri kwake umakoka, monga mmene zinyalala zimatsatirira kumbuyo kwa boti likamayenda. Chibowo changa sichinkalowetsa mphepo. Chinkayamwa utsi kuchokera pa uvuni, ndipo ine ndinkaika nkhope yanga panjira pake penipeni. Ndinakumbukira mmene diso lakumanja limatulukira misozi. Ndinkayesa n'chifukwa choyang'anitsitsa.

"Koma chibowochi n'chachiyani?" anafunsa.

Anasolola chisanza, anagwada n'kuika diso. Anakhala choncho kanthawi, kenako mapewa ake anayamba kugwedezeka.

"Agogo, bambo avala jeketeyo si mkulu wa mpingo?"

"Akutani?"

"Atapa usipa. Aika m'thumba la jekete."

"Lakumanzere. Lakumanja ndi lobooka."

Anaseka mpaka kukhala pansi pa phulusa. Ine sindinaone choseketsa. Ndinamuuza kuti tsopano waona yekha chifukwa chake sindingatseke.

Anapukuta misozi nati zosankha ndi ziwiri. Chibowo chitsekedwe, pamwamba pa uvuni paikidwe chumuni, ndipo iye auza bambo ake ndi mtima wonse kuti chisakasa chakonzeka. Apo ayi, sutukesi ija yapukutidwa kale. Anandionetsa pakompyuta, chumuni chili pamalo pake, timizere tonse tikukwera mwaulemu ngati anthu opita kukalandira mgonero. Ndinati achepetse chibowocho chikhale ngati chala. Anayesa, ndipo ulusi wina unapindikirabe komweko. Ndinati achisunthire m'munsi. Anati ndiye ndizidzayang'ana chogona. Ndinati chumunicho chikhale chachikulu kuti chigonjetse chibowo. Anati mwera ukakula palibe chumuni chingaugonjetse. Tinakangana mpaka batire inatha.

Ndinagona nazo masiku angapo. Ku Lilongwe ndikaona mpanda. Kuno ndikatseka ndiona khoma. Kusiyana kwake n'kwakuti khoma ili ndi langa, ndipo kuseri kwake anthu azindibera ine ndili pompo. Sindinadziwe chimene chinali chopweteka kwambiri.

Ndi mdzukulu wanga amene anabwera ndi galasi. Analitola kumsika, chidutswa cha windo losweka, nati kuwala kudutsa koma mphepo ayi. Ndinamufunsa chifukwa chake makina ake anzeruwo sanaganize zimenezo poyamba. Anati sanawafunse.

Tinaitana mmisiri wochokera ku Chipoka, chifukwa wa m'mudzi muno sindikanamulola kuona khoma limenelo. Anakhoma chumuni cha malata, anatseka mipata ina ya padenga, n'kuboola kampata m'munsi mwa khoma la kunyanja kuti moto uzipuma. Ndinamuuza aikepo waya, chifukwa dzanja la mwana likhoza kulowa. Galasi ndinamata ndekha ndi dothi iye atapita. Kachipangizo kanapachikidwanso, ndipo ulendo uno kananena zofanana, mwini wake alipo kapena palibe. Mtsikanayo anatumiza zithunzi kwa bambo ake. Iwo anayankha kuti zithunzi aziona, koma abwera kudzaona okha.

Vuto la galasi ndi lakuti limada. Utsi wochepa umene umatsala umakwanira. Ukapukuta, limayera kanthawi, kenako anthu amasanduka zithunzithunzi. Umaona kuti pathandala paima munthu, koma kuti ndi ndani, mwamuna kapena mkazi, akutapa kapena akungodutsa, sudziwa. Kale ndinkadziwa akuba anga mmodzimmodzi, ndipo ndinkadziwa woti ndimukalipire ndi woti ndimusungire mumtima. Tsopano aliyense amaoneka wakuba.

M'mawa wa Loweruka lomaliza la mweziwo ndinali nditayala kampango pawaya, moto ukuyenda bwino. Ndinasuzumira pagalasi n'kuona chimunthu chachitali chitaima pathandala lapakati. Dzanja linatsika, linakwera kukamwa. Linatsikanso. Ndinapukuta galasi ndi chitenje, ndinangolipaka mwaye. Ndinatola chikuni, ndinatulukira pakhomo n'kuzungulira chisakasa, ndikulankhula mawu amene sindingawalembe pano.

Anali mwana wanga, masaya atatupa ndi usipa. Galimoto anali ataisiya kumsewu chifukwa cha mchenga.

"Amayi, mpweya wotukwanira muli nawo ndithu," anatero.

"Mwaba kangati pathandala langa, bambo inu?"

"Kuyambira ndili sitandade wani."

Zimenezo sindinazidziwe, chifukwa nthawi imeneyo chibowo kunalibe. Ndinatsitsa chikuni.

Sanafune tiyi. Anavula jekete n'kupatsa mwana wake, analowa m'chisakasa n'kukhala pakampando kanga pakona. Anayang'ana chumuni, anayang'ana galasi, anayang'ana ine. Za galasilo sanafunse, ndiye ndinadziwa kuti mtsikanayo anamuuza kale. Ndinamuponyera diso, iye n'kuyang'ana kudenga.

Ndinasonkhezera moto, ndipo mwera unali ukuwomba ndithu. Ndinkagwira ntchito maso ali pa mwana wanga. Anakhala nthawi yaitali manja ali pamaondo. Kenako anatsokomola. Ndinasiya ntchito.

"Ndi kaminga ka usipa," anatero.

Sindikudziwa ngati ankanena zoona. Mwina kanalidi kaminga. Mwina unali utsi, iye n'kundimvera chisoni. Mwinanso mkazi wake sankafuna kuchotsa matumba a chimanga m'chipinda muja. Ndinayang'ana nkhope yake kuti ndipeze yankho, koma mwana ameneyu anatengera bambo ake, nkhope yake siwerengeka.

Anatuluka n'kununkhiza malaya ake. Anafunsa mwana wake ngati akutsimikiza. Mtsikanayo anati pa mwera akutsimikiza, pa mpoto akuganiza kuti zili bwino, koma sanayeze chifukwa mpoto sunayambe. Ndinafuna kumutsina. Akanangoti eya.

"Chabwino," anatero bambo ake. "Mukhale mpaka mvula itagwa. Kenako tikajambulitsenso chifuwa. Chikaipiraipira, amayi, sitidzakambirananso."

"Adokotala ake omwe aja?"

"Musankhe nokha."

"Ndidzasankha tikafika pakhomo, musadzawaimbiretu foni."

Anapukusa mutu, navala jekete lake. Masana omwewo ananyamuka awiriwo, mtsikanayo atakumbatira chikwama chake, bambo ake atanyamula jumbo ya usipa imene ulendo uno ndinachita kuwapatsa. Ndinawaperekeza mpaka pamene mchenga umathera. Sindinadikire kuti galimoto ilire, chifukwa kampango ndinamusiya pamoto, ndipo nditabwerera ndinapeza mbali imodzi yayamba kupserera. Ndinamutembenuza, ndinachepetsa nkhuni, n'kukhala pansi pakona panga.